Zigono za m'Chigwa cha Mtakataka

Msewu wa M5 ukachoka ku Salima kulowera ku Balaka, umadutsa m'chigwa chotentha chimene chagona pakati pa mapiri a Dedza ndi Nyanja ya Malawi. Ukapitirira Chipoka umafika pa Mtakataka, kenako pa mphambano ya ku Mua, kenako pa Golomoti, usanalowe m'boma la Ntcheu. Madalaivala ambiri amangodutsapo ndi liwiro, mtima uli ku Blantyre, ku Mangochi kapena ku Nkhotakota. Komatu anthu akhala akuyenda m'chigwachi kwa zaka zoposa 500, ndipo m'badwo uliwonse unkayenera kupeza poti wapaulendo atule katundu, amwe madzi, adye ndi kugona. Tikalondola mbiri ya malo amenewa, kuyambira nthawi ya a Kalonga mpaka lero, tikupeza kuti chigono chabwino sichinkakhala pa njira penipeni. Wofuna kupuma ankapatuka, n'kupita kumene kuli madzi, mthunzi ndi mwini malo womulandira. Nzeru imeneyi ndi imene tayamba kuitaya m'masiku a phula ano.

Ku Mankhamba, kwa Kalonga

Chigwachi chinakhala njira chifukwa cha mmene dziko linakhalira. Kumadzulo kuli mapiri ovuta kukwera, kum'mawa kuli nyanja ndi madambo ake. Munthu wochokera kumpoto motsata gombe, pofuna kukafika ku mtsinje wa Shire, sakanachitira mwina koma kudutsa pakati pa ziwirizi. Nawo anthu a kumtunda, potsika kukafuna nsomba, ankathera m'chigwa momwemu. Mitsinje monga Nadzipulu, Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi imatsika m'mapiri kulowera kunyanja, ndipo m'mbali mwa mitsinje imeneyi ndi mmene munkakhala midzi.

Pafupi ndi Mtakataka, cha ku mtsinje wa Nadzipulu, pali malo otchedwa Mankhamba. Apa ndi pamene panali likulu la a Kalonga, mafumu a Amaravi, komanso kachisi wopempherapo mvula. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pa malowa ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku limene linatuluka mu 2020. M'nthaka ya Mankhamba munatuluka mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa, ndi minyanga ya njovu yosemedwa. Kafukufukuyu anaonetsa kuti anthu anali atakhazikika kale pamenepa m'zaka za m'ma 1400.

Katundu wotere sayenda yekha. Mkanda uliwonse unafika pa Mankhamba uli pamutu kapena m'thumba la munthu amene anayenda masabata ambiri kuchokera ku Tete, ku Sena kapena kugombe la nyanja yamchere. Munthu ameneyo ankafuna pogona usiku uliwonse. Choncho likulu la Kalonga linalinso chigono chachikulu cha amalonda, a mithenga ndi obweretsa mitulo. Ankakhala masiku angapo, kudya za mfumu, kusinthana katundu, n'kumva za mmene njira ilili kutsogolo.

Mmene mlendo ankalandiridwira

M'midzi ing'onoing'ono mwambo unali womwewo. Wapaulendo ankanyamuka kwawo ndi kamba: chimanga chokazinga, mbatata yootcha, mtedza, kapena ufa pang'ono. Dzuwa likapendeka ankasiya njira yaikulu n'kutsata kanjira kolowera kumudzi. Sankangolowa m'nyumba iliyonse. Ankafikira kwa mfumu kapena kwa nyakwawa, kuodira, n'kukhala pansi pabwalo. Akalonjeredwa ankapereka malonje: kumene wachokera, kumene akupita, ndi zimene waona m'njira. Akatero amayi ankabwera ndi madzi akumwa kapena thobwa, kenako nsima. Mwamuna ankagona kumphala pamodzi ndi anyamata, mayi ankagona kukuka.

Akuluakulu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo kumumana chakudya chinali chinthu chochititsa manyazi mudzi wonse. Koma mwambowu unalinso chitetezo. Mfumu inkadziwa aliyense wogona m'dziko lake. Mudzi unkamva nkhani za kutali, za njala, za nthomba kapena za nkhondo, zisanafike pakhomo. Nayenso mlendo ankagona mtima uli m'malo, kutali ndi mikango ndi afisi, ndipo m'mawa ankalozeredwa podutsira mtsinje ndi dzina la mfumu yokafikirako madzulo. Wogona panjira ankakhala munthu wopanda mwini, ndipo chikamugwera panalibe womufunsa.

Njira itasanduka yoopsa

M'zaka za m'ma 1800 zinthu zinatembenuka. Malonda a minyanga ndi akapolo anakula, ndipo magulu a amalonda okhala ndi mfuti anayamba kudutsa kum'mwera kwa nyanja kupita ku Kilwa ndi madoko ena. Mafumu a Chiyao monga Mponda ndi Makanjira anakula mphamvu. Ufumu wa Kalonga unafooka, ndipo mbiri ya pakamwa imanena kuti Kalonga Sosola anaphedwa pa nkhondo ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860. Mudzi wokhala pafupi ndi njira unasanduka woyamba kuotchedwa. Anthu ambiri anathawira m'mapiri ndi m'madambo, ena anamanga malinga kuzungulira midzi yawo.

Ngakhale m'masiku ovutawo, mwambo wolandira alendo sunafe. David Livingstone anazungulira kum'mwera kwa nyanja mu 1866, atachoka kwa Mponda. Ali kwa mfumu Marenga, ena mwa omunyamulira katundu anamuthawa chifukwa choopa Angoni, n'kukafalitsa bodza kugombe kuti waphedwa. Amene anamusunga ndi mfumu Kimsusa, imene inamudyetsa masiku angapo, ndipo amuna atakana kunyamula katundu wake, akazi a mfumuyo ndi amene anamusenzera pokwera mapiri a Kirk. Mzungu wotchukayo anapitiriza ulendo chifukwa cha nsima ya pamudzi.

Angoni a Maseko anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870. Mafumu awiri opikisana, Chikuse ndi Chifisi, atamwalira mu 1891, ana awo, Gomani ndi Kachindamoto, anamenyana nkhondo yapachiweniweni. Kachindamoto anatsika ndi anthu ake kudzakhala m'chigwa, ndipo kuyambira pamenepo Mtakataka ndi likulu la ufumu wa Kachindamoto. Nthawi yomweyo Angerezi, amene analengeza ulamuliro wawo mu 1891, anali kugonjetsa mafumu ochita malonda a akapolo, ndipo mu 1896 anapha Gomani. Pofika kumapeto kwa zaka zimenezo chigwachi chinali ndi Achewa, Ayao ndi Angoni okhala moyandikana, ndipo njira zinayambanso kuyendeka.

Mishoni m'tsinde mwa phiri

Ansembe a chipani cha White Fathers anayesa koyamba kukhazikika kwa Mponda mu 1889, koma anachokako mu 1891. Atabwereranso mu 1902 anasankha Mua. Malo amene anamangapo akuonetsa kuti nawonso anatsata nzeru ya eni dziko. Sanamange pakati pa chigwa pamene pankadutsa anthu, koma m'tsinde mwa phiri, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, pamene pali madzi chaka chonse, mitengo yaitali ndi kamphepo kotsika kumapiri. Mu 1908 anatsegula mishoni ina pa Mtakataka. Kutentha ndi malungo a m'chigwa zitawafooketsa, anamanga nyumba yopumulirako pamwamba pa mapiri ku Bembeke, ndipo mu 1910 malowo anasanduka mishoni payokha. Bembeke, kumene lero kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza, inayamba ngati malo opumulira anthu otopa ndi chigwa.

Mua inakhala pofikira anthu a mitundu yonse. Masisitere atafika anayamba kusamalira odwala, ndipo chipatala cha Mua chinakula kuchokera pa ntchito imeneyo. M'zaka za m'ma 1920 panatsegulidwa malo osamalira odwala khate, ndipo anthu ankachokera kutali, ena atanyamulidwa pamachira. Achibale operekeza odwala ankafuna pogona ndi pophikira. Panali sukulu, panalinso shopu ya ukalipentala imene Bambo Jean-Baptiste Champmartin, amene anthu ankawatchula kuti Chamare, anaphunzitsiramo anyamata ambiri. Kuchokera m'dera lomweli kunatuluka Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Chikatolika mu 1937, amenenso anadzakhala episkopi woyamba wa Dedza.

M'zaka zoyambirira za utsamunda katundu yense ankayenda pamitu ya amtengatenga. Bwanamkubwa kapena DC akamayendera dera, ankanyamulidwa pamachira, ndipo m'malo ena boma linamangitsa nyumba zogona akuluakulu ake apaulendo. Nyumba zimenezi zinali za azungu. Amtengatenga ankagona panja m'misasa, kapena kupempha malo m'midzi monga kale. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland anagwira ntchito yonyamula katundu wa asilikali, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Midzi ya m'mbali mwa njira inkalamulidwa kupereka ufa. Apa mwambo wolandira alendo unalemedwa, chifukwa chimene kale chinali ulemu chinasanduka lamulo la boma.

Sitima ifika mu 1935

Msewu waukulu wa atsamunda wochokera ku Zomba ndi Blantyre kupita ku Lilongwe unadzera kumtunda, ku Ntcheu ndi ku Dedza, n'kusiya chigwa pambali. Chimene chinabwezera chigwachi pa njira ndi njanji. Mu 1935, chaka chomwe mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa, njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudzera ku Balaka, Sharpevale, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka. Pa Chipoka sitima ya pamtunda inkakumana ndi sitima za panyanja, ndipo kuyambira mu 1951 sitima ya Ilala inkatenga anthu pamenepa kupita kumpoto.

Siteshoni inakhala chigono cha mtundu watsopano. Sitima siinkabwera tsiku lililonse, ndipo anthu a m'midzi yakutali ankafika dzulo lake n'kugona pakhonde la siteshoni kapena kwa achibale apafupi. Amayi anayamba kugulitsa nsima, nsomba, nthochi ndi zitumbuwa. Amwenye anatsegula masitolo, misika ya thonje inakhazikika pafupi, ndipo tiyirumu ndi nyumba zogona alendo zolipira zinayamba kuoneka. Amuna opita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni ankatsanzikana ndi mabanja awo pa masiteshoni amenewa, ndipo pobwera ankatsikira pomwepo ndi masutukesi, mabulangete ndi njinga. Golomoti ndi Mtakataka zimene tikuzidziwa lero zinakula chifukwa cha njanji. Kwa nthawi yoyamba mlendo anayamba kugula chimene kale ankapatsidwa, komabe siteshoni inali ndi mpanda wake, mwini wake ndi malo okhalapo, ndipo wodikira sankakhala m'njira ya sitima.

Masiku a phula

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaika mtima pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo mbali yake ndi M5 imene ikudutsa m'chigwachi. Mabasi a UTM, kenako a Stagecoach ndi a Shire Bus Lines, anatenga anthu amene kale ankadikira sitima. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, maminibasi anachuluka. Sitima zonyamula anthu zinasiya kuima pa masiteshoni a kuno, ndipo malonda anasamuka kuchoka kunjanji kubwera m'mphepete mwa phula. M'zaka za m'ma 2000 msewu wotsika kuchokera pa Masasa kudzera ku Khwekhwerere unaikidwa phula mpaka ku Golomoti ndi kupitirira kulowera ku Monkey Bay. Golomoti inakhala mphambano ya njira zinayi, ndipo ngakhale ku Mangochi kuli mphambano imene anthu amaitchula ndi dzina la Mtakataka.

Lero basi ikaima pa Golomoti kapena pa Mtakataka, imaima m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Ogulitsa amathamangira kumawindo ndi mango, malambe, chimanga chootcha, mazira ndi madzi. A kabaza amadikira pomwepo, a chiwaya ndi a kanyenya ali chapafupi. Malonda amenewa akudyetsa mabanja ambiri ndipo ndi oyenera ulemu. Koma wapaulendo sapuma. Kondakitala amafuula kuti nthawi yatha munthu asanapeze chimbudzi. Mayi wa mwana amasowa pomusinthira thewera. Dalaivala wa thiraki wogwidwa ndi tulo amaimika galimoto theka lili pa phula, usiku, popanda nyali. Ana ogulitsa malonda amadutsa msewu akuthamanga pakati pa magalimoto. Nthawi ya dzinja, mitsinje yotsika m'mapiri ikasefukira n'kuononga milatho, anthu amagona m'galimoto popanda wowalandira. M'mbiri yonse ya chigwachi, uno ndi m'badwo woyamba umene waika popumira pa njira penipeni.

Malo amene asunga nzeru yakale ndi Mua. Kuti ufikeko umapatuka pa M5 n'kuyenda makilomita pafupifupi awiri kulowera kuphiri. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anafika m'Malawi mu 1967 ndipo anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. Anayamba ndi kuphunzitsa osema ziboliboli, ndipo pambuyo pake panamangidwa nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, imene ikufotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndi kusunga zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu. Pali nyumba zogona alendo zotchedwa Namalikhate, pali munda wa mitengo ndi maluwa m'mbali mwa mtsinje. Wofika pamenepa amatsika m'galimoto, kukhala pamthunzi, kudya, n'kuphunzira za eni dera asanapitirize ulendo. Ndalama imene amasiya imafika kwa osema, ophika ndi ovina a m'midzi yozungulira. Chosowa n'chakuti ofikako ambiri ndi alendo akunja ndi a galimoto zawozawo. Wokwera minibasi amangoona chikwangwani pa mphambano.

Zimene ena anachita

Maiko ena anakumana ndi funso lomweli misewu yawo itakula. Ku America, lamulo la 1956 lokhazikitsa misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo linaletsa masitolo ndi malo omwetsera mafuta m'mbali mwa misewuyo, kupatula m'misewu ina yakale yolipiritsa. Wofuna chakudya kapena mafuta amatuluka mumsewu n'kulowa m'tauni yapafupi, ndipo malonda amakhala m'manja mwa anthu a m'deralo. Ku Japan, kuyambira mu 1993, boma linayamba kulembetsa malo otchedwa Michi-no-Eki, ndipo lero alipo oposa 1,000. Malo alionse amayenera kukhala ndi poimika galimoto ndi zimbudzi zaulere usana ndi usiku, pofotokozera alendo za deralo, ndiponso pogulitsira zokolola ndi zaluso za anthu apafupi. Amalawi opita ku Joni pa basi amadziwanso mmene zimakhalira ku South Africa, kumene basi imapatuka mumsewu n'kulowa pamalo otakasuka okhala ndi madzi, zimbudzi ndi chakudya.

Chigwa cha Mtakataka chili ndi zonse zofunika pa malo otere. Mpunga ulipo wa ku sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan lomwelo. Nsomba zili pafupi, zipatso zimachuluka m'nyengo yake, ndipo osema a ku Mua ndi a m'mbali mwa msewu wa Khwekhwerere ndi odziwika m'dziko lonse. Magetsi alipo, pakuti pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Mbiri nayo ilipo: Mankhamba ili pomwepa, ngakhale ambiri odutsa pa M5 sadziwa kuti akudutsa pakhomo pa a Kalonga.

Chofunika si nyumba zapamwamba. Ndi malo otakasuka, mamita mazana angapo kuchoka pa phula, okhala ndi njira yolowera ndi yotulukira, mjigo kapena mpopi, zimbudzi zosamalidwa za amayi ndi za abambo, mitengo ya mthunzi, nyali usiku, ndi mashedi a ogulitsa. Ogulitsa amene lero akuika moyo pachiswe m'mphepete mwa msewu ndi amene ayenera kukhala oyamba kupatsidwa malo, ndipo mabasi ndi maminibasi azilamulidwa kuimira m'katimo, chifukwa msika wopanda ogula anthu amauthawa n'kubwerera kumsewu. Kuyambira mu 2021 oyendetsa galimoto akulipira pa zipata za pa M1, poyamba pa Chingeni kenako pa Kalinyeke, ndipo n'koyenera kuti pokonza misewu ndi ndalama za apaulendo, popumira pawo pazikhala m'mapulani kuyambira pachiyambi.

Pempho langa likupita kwa Khonsolo ya Dedza, a Roads Authority, ndi mafumu a m'dera la Kachindamoto. Pamene M5 ikukonzedwa, patulani malo pa Golomoti ndi pa Mtakataka nthaka isanathe kugawidwa, ikani zikwangwani zolozera ku Mua ndi ku Mankhamba, ndipo eni midzi akhale ndi gawo pa kayendetsedwe ka malowo. Makolo a m'chigwachi ankalandira mlendo popanda phula, popanda magetsi, ngakhale m'zaka za nkhondo. Ife amene tili ndi zonsezi tisalole kuti wodutsa kwathu azisowa pokhala pansi ndi pomwa madzi.